Mababu sanali gong'a

Babu la pabalaza kwa amayi ku Kapata, mu Chipata, linapsa mu October, mwezi uja malata amachita kulira ndi dzuwa. Linali la galasi, la 100W, lomaliza pa mababu amene amayi anasunga m'kabati ya mbale, atakulunga m'nyuzi, kuyambira pamene zinamveka kuti boma laletsa kulowetsa mababu oterowo m'dziko. Anandiimbira foni usiku. "Pobwera Loweruka undigulire babu. Ndikudyera mumdima pamene mwana ndili naye m'tauni momwemuno."

Ndinagula la LED, la 9W, la pini, pamsika wa Kapata pomwepo. Kufika kunyumba ndinakwera pampando, kulilowetsa, kupotoza mpaka linagwira, amayi n'kudina swichi. Zii. Wailesi inali kulira patebulo, ndiye sikuti malaiti anali atapita. Ndinalichotsa, kulipukuta ndi malaya, kulibwezera. Zii.

"Akugulitsa gong'a," anatero amayi, n'kubwerera ku mphika wawo.

Pamashelefu a wogulitsa

Ndinabwerera kumsika nkhope itakonzekera mkangano. Mnyamata wogulitsayo sanavutike n'kuyankha. Pambali pa kauntala ali ndi thabwa limene anakhomerapo maholda awiri, ya pini ndi ya sikuluu. Anatenga babu lija, kuliika, mbee! Kuwala mpaka ndinatsinzina.

"Bwana, babu ili lilibe mlandu. Kayang'aneni kwanu."

Anandisinthira ndi la kampani ina, la 12W, kuti mtima wanga ukhale pansi. Nalonso linayaka pathabwa lake, koma kwa amayi linakana.

Gong'a iliko ndithu, sindikukana. Pali mababu opepuka m'manja, pabokosi alemba 15W koma kuwala kwake sikufika ndi pakona ya chipinda. Koma mwazindikira kuti gong'a nthawi zambiri imayaka bwino tsiku loyamba? Imadzakufera pakapita masabata, wogulitsa atakuiwala kale. Babu latsopano limene layaka kumsika n'kukana kunyumba likukuuza nkhani ina, ndipo nkhaniyo si ya babu.

Amalume ndi tesita yawo

Mlongo wawo wa amayi anagwira ntchito ya mawaya zaka zambiri asanapume n'kuyamba kulima nshawa. Anafika Lamlungu akuchokera kutchalitchi, kachikwama kali m'manja. Sanathamangire pampando. Anakhala pansi, analandira thobwa, n'kuyamba kufunsa. Babu lakale linali la mawatsi angati? Linkaphethira? Kunkamveka fungo la pulasitiki yopserera?

Amayi anavomera kuti masiku omaliza linkafuna kulikhudza ndi mtengo wa tsache kuti liyake. Amalume anaseka, kupukusa mutu, n'kuimirira.

"Swichi ndazimitsa kale, achimwene," anatero amayi.

"Swichi ya m'nyumba imene sindinaikemo mawaya ndekha sindiikhulupirira."

Anatulutsa tesita, kasikuluudiraiva kaja kooneka m'kati, kokhala ndi kanyali kakang'ono ndi kachitsulo kumutu. Anakwera pampando, chala pakachitsulo, nsonga n'kugunditsa pa pini imodzi ya m'holda. Kanyali kanayaka, kofiirira.

"Dinani swichi."

Amayi anadina. Kanayakabe.

"Bwezerani."

Anabwezera. Sikanasinthe. Swichi m'mwamba, swichi pansi, kanyali kali ngwee.

Amalume anatsika pang'onopang'ono, kuseka kuja kutatha. "Mlongo wanga, nyumba ino anakuikirani mawaya ndani?"

Anali munthu wina amene anapezedwa nthawi imene ankawonjezera zipinda, bambo akadali moyo. Ndi dzina lomwe amayi analiiwala.

"Nanga pali babu la LED m'nyumba muno limene silizimiratu? Mukazimitsa limatsala ndi kakuwala kotuwa?"

Amayi anadabwa. "Mwadziwa bwanji? La kuchipinda kwanga. Limandisowetsa tulo, ndiponso ndimaopa kuti likudya mayunitsi. Ndiye ndikamagona ndimalichotsa."

"Mumalichotsa bwanji?"

"Ndi manja, nanga ndi chiyani? Ndimazimitsa kaye swichi. Madzulo ndimalibwezera."

Tinalowa kuchipinda tonse atatu. Holda ya mmenemo imalendewera pa waya, pamwamba pang'ono pa mutu, moti amayi amaifikira ataima pansi. Pansi ndi pa simenti. Amayi m'nyumba savala nsapato. Ndipo nthawi imene amabwezera babu ndi ija kwayamba kuda, achokera kotsuka mbale, manja sanaume bwino, dzanja lina lagwira holda, zala za dzanja lina zikupapasa pakamwa pake kufuna pamene timapini ta babu tilowere. Anatisonyeza mmene amachitira, akuseka, osaona chodabwitsa. Chala chawo chinadutsa pafupi kwambiri ndi mapini aja, ndipo amalume anawagwira mkono.

Anagunditsa tesita. Kanyali kanayakanso, swichi ili yozimitsa.

Chithunzi chimenecho ndi chimene chimandibwerera mpaka lero. Madzulo alionse, kwa miyezi, amayi ankapapasa mumdima pa chitsulo chokhala ndi mavoti 230, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti azimitsa.

Swichi inadula waya wolakwika

Amalume anandifotokozera tili pakhonde, akujambula ndi kamtengo padothi. Ku babu kumapita mawaya awiri. Wina ndi wamoto, amene m'nyumba zakale ndi wofiira, m'zatsopano ndi wa bulauni. Wina ndi neutral, wakuda m'zakale, wa buluu m'zatsopano. Swichi iyenera kudula wamoto, kuti ukazimitsa, moto uthere pakhoma pomwepo osafika ku holda. Wa mawaya uja anadula neutral. Ukadina, babu limazima ndithu chifukwa njira yaduka, ndipo mwini nyumba amalipira mokondwa. Koma moto umakhala wafika kale ku holda, ukungodikira njira ina yopitira pansi. Munthu wopanda nsapato pa simenti ndi njira yabwino kwambiri.

Babu lakale silikanaulula zimenezi. Linali ngati mbuzi, lodya chilichonse osadandaula: kawaya kake ka m'kati kamafuna moto wambiri kuti kafiire, ndiye timoto tating'ono todontha sitinkaoneka. LED imafuna zochepa kwambiri. Ngati holda ili ndi moto nthawi zonse, kamoto kakang'ono kamene kamadutsa pakati pa mawaya ogonerana m'paipi imodzi kamakwana kuti iwale motuwa usiku wonse. Amalume anati si kuwala kotere kulikonse kumene kumatanthauza swichi yolakwika. Swichi zija zokhala ndi kanyali zimachititsanso zomwezo, ngakhalenso mawaya ataliatali oyenda limodzi. Koma ukaona zimenezi, uyeze, usangozolowera.

Anandipatsanso masamu amene anandiziziritsa thupi. Babu la 9W limakoka pafupifupi 40mA (mA ndi muyeso wa moto woyenda m'waya). Breaker ija yoteteza munthu, kaswichi ka m'bokosi la magetsi kodula moto pakokha, imene amati earth leakage, imaikidwa kuti idule pa 30mA, chifukwa kupitirira pamenepo mtima wa munthu uli pangozi. Ndiye kuti moto wokwana kuyatsa kababu kamodzi kaja ndi wokwana kale kuvulaza. Mubokosi la amayi munalibe breaker yoteroyo. Munali zija zoteteza mawaya kuti asapse, zimene sizingamve n'komwe kuti munthu wagwidwa.

Nanga babu la pabalaza?

Chimene chinaletsa babu kuyaka chinali china, ndipo chinali chaching'ono. Amalume anapita ku bokosi, kuzimitsa main switch, kuyezanso ndi tesita, kenako n'kumasula holda. Anandipatsa m'manja. Pulasitiki yake inali itada, yofiirira m'mbali, ndipo nditaikanda ndi chikhadabo inanyenyeka. Zaka zonse zija za 100W zinali zitaiwotcha.

"Dina mapini awo."

Holda ya pini ili ndi timitsulo tiwiri m'kati, tokhala pa masipuling'i, timene timakankha pa timadontho tiwiri ta pansi pa babu. Ndinadina koyamba, kanabwerera. Ndinadina kachiwiri, kanangolowa n'kukhala komweko. Sipuling'i inali itafa ndi kutentha. Babu lakale linali ndi timadontho ta mtovu totupa, ndiye linkafikirabe movutikira, n'chifukwa chake linkafuna tsache. Mababu a LED amene ndinagula anali ndi timadontho tophwatalala, ndipo pankatsala mpata wochepa kwambiri, woti diso silingaone. Moto sulumpha mpata wotero.

Holda ya sikuluu ili ndi matenda ake ofanana. Pakati pake, pansi, pali kalilime ka chitsulo kamene kayenera kukhudza nsonga ya babu. Anthu akamamanga babu mwamphamvu, kalilimeko kamagona pansi, ndipo babu lina lokhala ndi nsonga yaifupi silikafikira. Ukazimitsa main switch n'kukadzutsa pang'ono, babu limene umati lafa limayaka. Amalume anawonjezera kuti m'maholda a pakhonde apezamo dzimbiri la mvula, ndi nyumba za dothi za mavu zitatseka mapini onse. Kudenga makoswe amatafuna mawaya. Kumbuyo kwa holda tisikuluu togwira waya timamasuka tokha ndi kutentha ndi kuzizira.

Tsiku limenelo anakwera kudenga, anapeza polumikizira mawaya, anasintha kuti swichi zidule wofiira. Anatsika ali mbuu ndi fumbi, malaya a kutchalitchi atatheratu. Tinaika maholda atsopano pabalaza ndi kuchipinda. Babu lija la kumsika linayaka, ndipo la kuchipinda linayamba kuzimiratu.

Amayi anangoti, "Ndiye mnyamata uja ndinamunenera zabodza." Mawa lake anapita kukagula kwa iye babu la pakhonde.

Zimene zili m'mimba mwa LED

Kuchokera pamenepo ndinasiya kutaya mababu akufa ndisanawatsegule. Chipewa choyera chija chimachoka ukachipotoza kapena kuchitokosa ndi mpeni m'mbali. M'kati mumapeza kambale kokhala ndi timadontho tachikasu, ndiwo ma LED enieniwo, ndipo pambali kapena kuseri pali kadera ka tizipangizo kamene amati driver. Ma LED sadya moto wa pakhoma mmene ulili. Wa pakhoma umapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, pamene iwo amafuna woyenda mbali imodzi, woyezedwa bwino. Driver ndiye amagwira ntchito yosinthayo.

Pa mababu amene ndatsegula, ena ndinapeza kadontho kamodzi kachikasu kali ndi kabanga kakuda pakati. Timadonthoto tinalumikizidwa motsatana, ndiye kamodzi kakapsa onse amazima. Anyamata okonza mafoni ndi mawailesi amadziwa kulumphitsa kakufako ndi kawaya, babu n'kudzuka. Zimagwira kwa kanthawi. Chokhacho, chipewa chibwezeredwe, chifukwa kambale kaja kamakhala ndi moto.

Ena ndinapeza kapasita, kachitini kakang'ono kozungulira, katatupa pamutu. Kameneka ndi kamene kamadana ndi kutentha. Anthu amaganiza kuti LED sitentha chifukwa chipewa chake ungachigwire. Gwirani pakhosi pake likayaka kwa ola limodzi mumve. Tsopano litsekereni m'chigalasi chija chokongola cha kudenga, chopanda polowera mpweya, pansi pa malata a ku Chipata mu October. Pabokosi alemba maola 15,000 kapena 25,000, koma maola amenewo sawerengedwa m'ng'anjo yoteroyo. Mlamu wanga wa ku Kalongwezi ankasintha babu la m'bafa pafupipafupi mpaka anachotsa chigalasicho. Sizikongola, koma babu likukhalitsa.

Chinanso ndi kupita ndi kubwera kwa malaiti. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitatsitsa madzi m'damu la Kariba, pamene malaiti ankabwera pakati pa usiku n'kupitanso kusanache. Nthawi imene akubwera ija moto sukhala wokhazikika, ndipo driver wotchipa sapirira. Amalume amazimitsa swichi zonse malaiti akapita, n'kusiya babu limodzi la chizindikiro. Amatinso ndiziwerenga tizilembo ta pakhosi pa babu. Ena alemba 220-240V. Ena alemba 85-265V, ndipo amenewo ndi amene amayakabe bwino madzulo aja moto umafooka m'komboni aliyense akayatsa chitofu.

Ngakhale zili choncho, sindingabwerere ku mababu akale. La 60W likayaka maola 5 patsiku limadya mayunitsi 9 pamwezi. La LED la 9W, lowala mofanana, silifika ndi pa yunitsi imodzi ndi theka. Amayi anaona okha kusiyana pa mita asanamve masamu a wina aliyense.

Mapasa a sola

Pali msampha wina umene ukukula masiku ano, poti nyumba zambiri zili ndi malaiti a pakhoma komanso sola ndi batire. Mababu a 12V amaoneka chimodzimodzi ndi a 230V. Chipewa chomwecho, pini yomweyo kapena sikuluu yomweyo, ndipo kumsika amakhala pa shelefu imodzi. Ukatenga la 230V n'kuliika pa holda ya batire, silichita kanthu, ndipo munthu amati lafa. Ukatenga la 12V n'kuliika pa holda ya pakhoma, limangoti phwa, mwina ndi kautsi, basi lapita.

Msuweni wanga wa ku Katete anandiimbira kuti mababu onse amene anagulira sola ya kumudzi ndi akufa. Ndinamuuza awerenge pakhosi. Panalembedwa DC 12V, ndiye anali oyenera. Ndinamuuza asinthanitse mawaya awiri a ku holda. Anayaka. Pa batire pali mbali ya + ndi ya -, ndipo mababu ambiri a 12V amayaka pokhapokha mbalizo zalowa molondola. Pa holda ya pini nthawi zina kungolitembenuza babu n'kulilowetsa mbali inayo n'kokwanira.

Ndiye pali aja okhala ndi batire m'kati, amene amayakabe malaiti akapita. Ana amakonda kuwayatsa ndi chala chonyowa pansi pake. Amenewa amafuna swichi ikhale yoyatsa kuti atchaje, komanso kuti ayake nthawi ya mdima. Ndinamvapo munthu akudandaula kuti lake siligwira ntchito, pamene malaiti akangobwera amathamangira kuzimitsa swichi kuti asunge mayunitsi. Litchaja liti?

Mmene ndimachitira tsopano

Babu likakana, choyamba ndimalitengera ku holda ina imene ndikudziwa kuti ikugwira, ndipo babu la kumeneko ndimalibweretsa ku holda yokanayo. Zimenezi zokha zimathetsa theka la mkangano, popanda chida chilichonse. Ngati vuto latsalira pa holda, ndimayang'ana breaker ya malaiti a kudenga, chifukwa masoketi amatha kugwira pamene ya kudenga yagwa. Wailesi ya amayi ija sinali umboni wokwanira. Pokhapo m'pamene ndimapita ku main switch, osati swichi ya pakhoma, ndisanaloze chala kapena chitsulo m'holda.

Tesita ndinagula yanga. Amalume anandichenjeza kuti nayonso imanama: padzuwa kanyali kake sikaoneka, ndipo ikafa siikuuza. Ndiye uyambe waiyesa pa soketi imene ukudziwa kuti ili ndi moto, kenako upite pamene ukufuna kuyeza. Anandiikiranso malire. Kusintha holda main switch ili yozimitsa, ndingathe. Kukwera kudenga kukasintha mawaya, kapena kutsegula bokosi la ma breaker, ayi, ndiitane munthu wa pepala lake. Pa mita ndiye posakhudza n'komwe, mpa eni ake a ZESCO.

Nditayeza kunyumba imene ndimachita lendi, swichi imodzi, ya pakhonde, ndinaipeza ndi matenda omwewo. Eni nyumba anati nyumbayo yakhala zaka zambiri popanda wofa. Ndinalipira ndekha wokonza, ndipo za kuchotsera pa lendi tikukambiranabe.

Kwa amayi ntchito sinathe. Amalume atazungulira kuseri anaona waya wopita ku khitchini yakunja. Ndi waya wa wailesi uja wopyapyala, wodutsa pamwamba pa mpanda, ndipo polumikiza anamanga ndi timapepala ta pulasitiki ta shuga. Anaudula pomwepo, amayi akudandaula kuti aziphika bwanji madzulo. Anati sabwezera mpaka tigule waya woyenera, mapaipi ake, ndi breaker ya earth leakage ya m'bokosi, ndipo zonsezi zichitike mvula ya November isanagwe. Ndalama ya waya ndi mapaipi tasonkha ine ndi mlongo wanga wa ku Lusaka. Ya breaker tikudikira mchimwene wathu wamkulu, amene mpaka pano akufunsabe chifukwa chake babu limodzi lafika pa bajeti yotere.